Tizidutswa Tinayi ta Eriyo

Lachitatu, 19 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi chimene mtima wanu ukufuna kumva: tonse kuno tili moyo ndipo tili bwino. Mkamwini wanu ali bwino, mdzukulu wanu wayamba kuluma anthu ndi mano ake awiri aja, ndipo mwana wanu wamwamuna, mlongo wanga Namzeze, dzulo lomweli anadya kwathu kuno mpaka kupempha zowonjezera. Ndamutchula dala iyeyu chifukwa mphekesera imathamanga kuposa kalata, mwina wina wakuimbirani kale n'kukuuzani nkhani yopanda mutu. Ali moyo, Bambo, alibe ngakhale kabala. Ndikanatha kukuimbirani foni, koma ndikudzidziwa, ndikanangoyamba kulira inu n'kumati, "Tayankhula zomveka, mwana iwe."

Achemwali, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera kalatayi, poti maso awo sanayere bwinobwino chichitireni opaleshoni ija. Chonde musadumphe mzere ngakhale umodzi, ngakhale pamene pakundichititsa manyazi. Kuseka mukaseke mukamaliza. Mu envulopumu muli kanthu kokulunga m'pepala, musawapatse kaye mpaka mufike kumapeto.

Shopu ikuyenda. Tebulo lanu lili pomwe munalisiya, pansi pa windo, ndipo kampando ka mwendo waufupi kaja sindinakakonze, ndimangoikirabe kathabwa pansi pake monga munkachitira. A Chigamba, anzanu okonza matayala apakhomo loyandikana nafe, akupereka moni. Akuti chichokereni inu alibe wokangana naye za mpira, ndiye akukalamba msanga. Madalaivala akumgodi wa miyala amabwerabe ndi mawailesi awo, ndipo aliyense akalowa amayamba wayang'ana kumbuyo kwanga ngati mwina mwabisala kuseri kwa shelefu. Akaona kuti ndili ndekha amapereka wailesiyo ndi manja awiri, mtima uli m'mwamba. Ndinkakwiya nazo zimenezi. Lero sindikwiya, ndipo mumva chifukwa chake.

Achemwali, inu ntchito yathuyi munaithawa muli mwana, ndiye ndifotokoze pang'ono kuti musasokere. Msewu wopita kumgodi umakwera phiri mokhotakhota, ndi wopapatiza, ndipo foni kumeneko siigwira. N'chifukwa chake lole iliyonse ili ndi wailesi yolankhulirana. Wailesi imeneyi ili ndi matchanelo makumi anayi, koma madalaivala onse amakhala pa tchanelo chimodzi chapakati, chimene timachitcha cha anthu onse. Wotsika ndi katundu amalengeza kuti akutsika, wokwera amadikira pamalo otakasuka. Kungoti pamenepo palibe chinsinsi. Ine ndikangotenga maiki m'shopu n'kunena kuti, "Bambo a mwana, mwadya?" phiri lonse linkayankha pamodzi, "Sitinadye, mayi!" Ndipo woyambitsa nyimbo imeneyi anali ndani? Mlongo wanga yemweyo. Tsiku lina mwana anatsegula m'mimba, ndinawauza bambo ake pawailesi, ndiye mawa lake amuna khumi ndi awiri, andevu zawo, anabwera m'shopu aliyense ndi mankhwala ake. Ndinatopa nazo.

Ndiye mu Disembala kunabwera dalaivala wina wochokera kutali, wailesi yake inkadutsa tchanelo cha makumi anayi n'kukwera kumtunda. Anandimvetsera. Kunali zii, Bambo, ngati m'tchalitchi Lolemba. Mtima wanga unati, apa ndiye pokhala ine ndi mwamuna wanga. Ndinakumbukira ndithu mawu anu akuti, "Kumtundako si kwathu, kuli eni ake, ndipo lamulo silitilola." Koma inu munali kutali, ndipo ine ndinali ndi sikuludalaivala m'manja. Ndinatsegula wailesi ya m'shopu ndi ya mulole ya mkamwini wanu, zonse ziwiri ndinazikweza kumtunda.

Zotsatira zake mukuzidziwa kale. Wailesi ikakwera kumtunda, eriyo imafuna kufupika. Ya mkamwini wanu ndi yaifupi ija ya koyilo kutsinde, imene munkati ndi yansanje, siimva matchanelo ambiri nthawi imodzi. Ndinamasula kasikuluu, ndinaitsitsa mpaka inagunda pansi, koma singano ya mita yoyezera eriyo inali idakali m'mwamba. Ndinatenga sowo. Poyamba ndinadula monga munandiphunzitsira, kakang'ono ngati mutu wa machesi, n'kuyeza. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu phuma langa lija linandipeza, ndinadula kokulirapo. Kachinayi ndiye ndinangoti, aaa, tidzagona pano? Ndinadula chidutswa chenicheni. Singano inagwa pansi bwinobwino pa tchanelo chathu chatsopanocho, ine n'kudziombera m'manja.

Kenako ndinabwerera pa tchanelo cha anthu onse n'kudina maiki. Singano inalumpha mpaka pofiira.

Ndinaiona, Bambo. Sindinganame kuti sindinaione. Achemwali, singano ikafika pofiira ndiye kuti mawu sakutuluka, akubwerera m'chingwe, ndipo wailesi imachepetsa yokha mphamvu kuti isapse. Munthu amamva anzake bwinobwino, koma iye samveka patali. Ine ndinawauza bambo a mwana kuti ayime pabwalo la shopu ayitane. Anayitana, ndinawamva, ndinati, "Mwaona? Ikumveka." Iwo za injini amazidziwa, za wailesi amangokhulupirira ine. Anayamika n'kumapita. Pamenepo n'kuti mawu anu akundilira m'khutu, akuti pabwalo ngakhale supuni imalankhula, eriyo amayesera kuphiri. Ndinawatsekera kunja mawuwo.

Sizinathere pomwepo. Padenga la shopu ndinaimika paipi yaifupi ndi eriyo yanga yatsopano, nayonso yodulira kumtunda. Chingwe chanu chochokera ku eriyo yaitali ija ya pamlongoti ndinachizula pawailesi, n'kuchipinda n'kuchiponya kuseri kwa shelefu. Tsiku lina mapulagi atandithera, ndinachotsa pulagi yake n'kuikira kasitomala. Wogula zitsulo zakale atabwera anachisirira chingwecho, ndipo ndinatsala pang'ono kumudulira. Sowo ili kale m'manja, ndinaona kakatoni kaja munamangirira ndi waya, ka zilembo zanu zopendekeka: USADULE. CHA ANTHU ONSE. Ndinaseka, ndinati mdala uyu ngakhale kulibe akulamulabe. Koma sowo ndinaiika pansi, ndinamuuza munthuyo kuti abwere tsiku lina.

Miyezi iwiri tinadyerera. Tinkacheza ngati tayambiranso chibwenzi, popanda wotiyankhira. Nthawi zina mkamwini wanu ankadandaula kuti anzake akumuuza kuti abwereze, sakumveka. Ine ndinkati, "Inunso mumalankhulira m'ndevu, tsegulani pakamwa." Iwo n'kuseka, nkhani n'kutha.

Lolemba lapitali mvula inali itagwa masiku atatu osakata. Cha m'ma teni m'mawa ndinali pa tebulo lanu ndikuwotcherera waya wa sipika, wailesi ili pa tchanelo chathu chobisika. Ndinangomva mawu a bambo a mwana, koma osati mawu amene ndimawadziwa.

"Mayi a mwana! Mayi a mwana, muli pomwepo?"

"Ndili pano. Kwagwanji?"

"Msewu waduka pa chigongono! Madzi akokolola wonse, pali chiphompho. Ine ndili kumunsi kwake, ndaima. Koma Namzeze wanyamuka kumgodi, wadzaza miyala, akutsika. Ndamumva akulengeza. Ndamuyitana kasanu pa tchanelo cha anthu onse, sakundimva! Akungoyimba nyimbo!"

Achemwali, chigongono ndi pamene msewu umakhota mozungulira thanthwe. Wotsika saona kutsogolo mpaka atakhota, ndipo lole yodzaza miyala siima ngati njinga. Kuchokera pageti la mgodi kufika pamenepo ndi mphindi khumi ndi ziwiri kwa dalaivala wodekha. Mlongo wathu dzina la Namzeze sanalitole pansi, mukudziwa mmene amayendetsera.

"Thamangani wapansi mukamuimitse!" ndinakuwa.

"Ndiwoloka bwanji? Madzi akuthamanga ngati mtsinje. Hutala ndaliza, mvula ikumeza. Muyitaneni inuyo!"

Ndinapotoza wailesi kubwerera pa tchanelo cha anthu onse. Ndinamumva, Bambo. Ndinamva mwana wanu akuyimba chinyimbo chake chosalongosoka chija, kenako akuti, "Namzeze pano, ndadutsa pa thanki, okwera dikirani." Pa thanki! Ndiye kuti mphindi zinayi zapita kale. Ndinadina maiki, ndinakuwa dzina lake katatu. Singano ya mita inali itakhazikika pofiira, pomwe ndinaiika ine mwini ndi sowo yanga. Iye anapitiriza kuyimba.

Sindidziwa kuti ndinakuwa chiyani, koma a Chigamba analowa akuthamanga, manja ali bii ndi girisi, akuti, "Mwana wa mnzanga, walumidwa ndi njoka?" Ine n'kuti ndili kale chogwada kuseri kwa shelefu, ndikukoka chingwe chanu, mabokosi akugwa, masikuluu ali mbwee pansi ponse. Ndinachitulutsa chili ndi fumbi ndi kangaude, kakatoni kanu kakulendewera. Kumapeto kwake kunalibe pulagi. Ndinaichotsa ndekha.

Yowotcherera pulagi ina nthawi panalibe. Apa ndi pamene munandipulumutsa koyamba. Mukukumbukira tsiku lija ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, pamene pulagi inathyoka mulole ya dalaivala wina wofulumira? Munandiuza kuti, "Yang'ana, izi si zochita tsiku lililonse, koma uzidziwe. Waya wapakati alowe pakati, ukonde wakunja ugwire thupi la wailesi, ndipo awiriwa asapatsane moni." Ine ndinkayang'ana kunja tsiku limenelo, anzanga akusewera, ndipo munandikoka khutu. Khutu limenelo ndi limene linakumbuka. Ndinasenda chingwe ndi mpeni, ndinazula chingwe cha eriyo yanga pawailesi, ndinalowetsa waya wapakati pabowo, ukonde ndinaupotokola n'kuugoneka pachitsulo.

"A Chigamba, panani apa ndi pulayala. Musasunthe, ngakhale denga ligwe!"

"Sindigwidwa ndi magetsi?"

"Mukagwidwa tikakuikani bwino, panani!"

Anapana. Ndinadina maiki ndikuyang'ana mita. Chingwe cha zaka zisanu ndi zinayi chili padzuwa ndi pamvula, miyezi iwiri chili chotayidwa, ndinkayembekezera kuti chadzaza madzi. Singano inangogwedezeka pang'ono n'kukhala pansi phee. Apa ndi pamene munandipulumutsa kachiwiri. Ndinkakusekani tsiku lija munakhala maola atatu pamlongoti mukumata tepi ndi phula polumikizira, ndi kupinda chingwe kuti madzi azidontha asanalowe m'nyumba. Ndinati, "Bambo, kodi mukumanga eriyo kapena mukuveka mkwatibwi?" Ndabweza mawu amenewo, ndawameza onse.

"Namzeze! Namzeze, ndi ine mlongo wako!"

Nyimbo inaduka. Ndiye mwana wanuyo, mosangalala kwambiri poti anali atandisowa miyezi iwiri pawailesi, anayankha kuti, "Sitinadye, alongo!"

Ndikanakhala naye pafupi ndikanamumenya ndi maikiyo. "Ima! Ima pomwepo! Msewu waduka pa chigongono, kulibe msewu! Ima, mwana wa mayi anga, ima!"

Sanayankhe. Wailesi inangoti fooo. Ndinayitana, ndinayitananso, osayankha. A Chigamba anayamba kupemphera mokweza, thukuta likudontha pa tebulo lanu, koma dzanja lawo silinasunthe ngakhale pang'ono. Pambuyo pake mlongo wanga anandiuza kuti sakanatha kugwira maiki, manja onse awiri anali pantchito, kutsitsa magiya, kuponda mabuleki mosinthasintha kuti asapse, matayala akutsetsereka m'matope. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkangoona nkhope yanu, ndi ya mkazi wake amene ali woyembekezera, ndikudzifunsa kuti ndidzayamba ndi mawu ati.

Kenako kunamveka kupuma kwa munthu, ndi mawu aang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Ndaima, alongo."

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni, pamwamba pa masikuluu. Koma a Chigamba anandikalipira, "Dzuka iwe, kumbuyo kwake kulibe ena?" Analipo. Malole awiri, ina itanyamula antchito asanu ndi mmodzi amene anaweruka chifukwa cha mvula. Onse anali atamva kale, chifukwa eriyo yanu yaitali ija imaona phiri lonse mpaka pageti. Anayankha mmodzimmodzi kuti aima. Mlongo wanga anatsika mulole n'kuyenda wapansi mpaka pokhota. Anawerenga mapazi. Akuti makumi atatu ndi limodzi, kenako msewu unathera m'malere. Kutsidya kwake anaona mlamu wake ataima pamvula, atavula malaya akuwakupiza, akulira ngati mwana.

Mlongo wanga anatsika mawa lake podzera njira yakale ya kuseri kwa phiri. Madalaivala anadzaza shopu, wina nkhuku m'manja, wina zakumwa, akuti mwana wa amisiri waposa bambo ake. Mlongo wanga anandinyamula m'mwamba ngati thumba la simenti. Bambo, chiyamiko chimene suyenera kulandira chimawawa kuposa mbama. Ndinapirira mpaka onse atapita, tinatsala atatu, ine, iye ndi bambo a mwana. Ndinatsegula kabati, ndinatulutsa tizidutswa ta eriyo tija n'kutiika pa tebulo. Paja munatizoloweza kusataya chodula chilichonse. Ndinawauza zonse. Ndinati mlamu wako anakuyitana kasanu uli pamwamba penipeni, pamene ukanaima mosavutika, ndipo sunamumve chifukwa cha ine ndi manyazi anga a "sitinadye".

Bambo a mwana anangoyang'ana pansi, kenako anati, "Ndiye munali kungonamizira ndevu zanga?" Palibe anaseka. Mlongo wanga anatola tizidutswato, anatigubuduza m'dzanja nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanalandira. M'malo mwake anafunsa kuti, "Nanga ndinakumvani bwanji?"

Ndinamuonetsa chingwe, chidakali chosendeka, ndi kakatoni kake. Anawerenga zilembo zanu, milomo ikuyenda. Anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Basi alongo, nkhuku ija si yanu. Alembereni eni ake." Atafika pakhomo anatembenuka. "Komanso inu, mukadatiuza kuti zikukupwetekani, tikadasiya. Ife timayesa mukusangalala nafe."

Ndiye ndi ino kalatayi, Bambo. Zikomo. Zikomo chifukwa cha phula lija ndi maola atatu aja. Zikomo chifukwa cha kakatoni, munadziwa kuti tsiku lina wina adzafika ndi sowo, ndipo ndikukhulupirira kuti munadziwanso kuti adzakhala ndani. Zikomo pondikoka khutu. Anthu amati mawu a akulu akoma akagonera, anu anagonera kuseri kwa shelefu, m'fumbi, ndipo sanandisungire chakukhosi.

Zimene ndakonza ndi izi. Mawailesi onse awiri ndawabwezera pa matchanelo makumi anayi, kumtunda kuja ndasiyira eni ake. Chingwe chanu ndachiwotcherera pulagi yatsopano ndipo chabwerera pamalo pake. Eriyo ya mkamwini wanu siikanatheka kuitalikitsa, chodulidwa sichimera, ndiye ndaika ina. Ndinaiyezera pabwalo la mpira, kutali ndi makoma, zitseko za lole zili zotseka, ndinayang'ana tchanelo choyamba ndi chomaliza mpaka singano inafanana mbali zonse, ndipo sindinadule kuposa mutu wa machesi. Zinanditengera masana onse. Kenako ndinawatuma bambo a mwana kuphiri, mpaka pomwe msewu watsekedwa, kuti akayitane ali kumeneko. Anamveka ngati ali m'chipinda chomwechino. Ndinatenga maiki pa tchanelo cha anthu onse, ndinapuma kaye, n'kufunsa kuti, "Bambo a mwana, mwadya?" Phiri lonse linayankha. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, muwauze achemwali andilembere mmene mumasungunulira phula lija kuti lisang'ambike ndi dzuwa, ine langa likumasweka. Chachiwiri, adokotala akakulolani, mubwere chisanafike chikuta cha mkazi wa Namzeze mu Epulo. Ntchito simudzagwira, mudzangokhala pakampando kanu n'kumandidzudzula. Ndalonjeza kuti sindidzayankha, kapena ndinene kuti ndidzayesetsa.

Tsopano achemwali, apatseni kapepala kaja. Bambo, maso anu sakuona bwino, koma zala zanu sizinayambe zanamapo. Muli tizidutswa tinayi. Tiwiri tating'onoto ndi ta mwana amene munamuphunzitsa. Tiwiri tinato ndi ta mwana amene anaganiza kuti wakula. Mutilumikize pachikhatho chanu muone kutalika kwake, sitikwana ngakhale chala chanu chimodzi. Mutisunge inuyo, ine ndikatiyang'ana tulo sitibwera.

Moni kwa achemwali ndi alamu, ndi ana onse. Mkamwini wanu akupereka moni, akuti ndevu sameta. A Chigamba akuti muwawerengere m'gulu la amisiri a wailesi tsopano. Mdzukulu wanu wapereka moni wake pakona ya pepalali, pamene panyowapo. Mlongo wanga ndinamufunsa kuti ndikulembereni chiyani. Anaganiza nthawi yaitali, munthu wosasowa chonena uja, kenako anati, "Muwauze kuti ndinawamva."

Ndine mwana wanu waphuma uja,
amene sanadule chingwe chanu.